Mwana wa Ng'ona Sakulira Dziwe Limodzi: Oyimba ndi Malire a ku Mchinji

Makolo akale, amene ankadziwa bwino khalidwe la mitsinje ya dziko lino, adasiya mwambi wakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ankaunena pophunzitsa kuti munthu wofuna kukhwima nzeru ayenera kutuluka pakhomo pa makolo ake, kukaona za eni ndi kukaphunzira zimene kwawo kulibe. Dziwe ndi malo a mumtsinje pamene madzi amadikha ndi kuzama, ndipo mtsinje ukaphwa m'chilimwe ndi pamene pamatsala madzi. Koma dziwe lililonse lili ndi malire a chakudya chake, kotero kuti ng'ona yaing'ono imene ikana kusuntha pamene mvula yalumikiza maiwe imapinimbira, mwinanso kudyedwa ndi zinzake zazikulu. Mwambiwu umakhudza anthu a ntchito zosiyanasiyana, koma umagwira kwambiri pa moyo wa woyimba, pakuti luso lake limadalira makutu a anthu ena, ndipo makutu a mudzi umodzi sachedwa kukhuta. Chimene mwambiwu sunena, chomwenso chikuvutitsa oyimba a masiku ano, ndi chakuti woyimba akamachoka kwawo alowere kuti, ndipo anyamule chiyani pa ulendowo.

Boma la Mchinji ndi malo oyenera kuganizirapo nkhani imeneyi, chifukwa ndi kumene dziko la Malawi limathera koma chiyankhulo chake n'kumapitirira. Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa boma pali mtunda wa makilomita pafupifupi 110, pamene kuchokera pa boma kukafika pa chipata cholowera ku Mwami m'dziko la Zambia pali makilomita 12 okha, ndipo Chipata ali patsogolo pang'ono, kotero kuti kwa munthu wa kwa Mlonyeni kapena wa kwa Zulu mzinda waukulu wapafupi uli m'dziko la eni. Malirewa adalembedwa ndi Angelezi potsata chitunda chimene chimagawa madzi opita ku Luangwa ndi madzi opita kunyanja ya Malawi, ndipo adadula pakati pa anthu amodzi, omwe ndi Achewa amene mwezi wa Ogasiti amapita ku Mkaika m'boma la Katete kukachita mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndi Angoni a Mpezeni amene mwezi wa Febuluwale amasonkhana ku Mtenguleni pa mwambo wa Ncwala. Pa nthawi ya atsamunda Mchinji ankatchedwa Fort Manning ndipo Chipata ankatchedwa Fort Jameson, maina a malinga a asilikali, koma malingawo sadaletse amayi a mbali ziwirizi kuvina chimtali chimodzimodzi kapena amuna kugunda mapazi a ingoma mofanana. Lero wailesi ya Mudzi Wathu ya ku Mchinji ndi wailesi ya Breeze FM ya ku Chipata zimayankhula kwa anthu omvana chiyankhulo, ndipo m'maminibasi ndi m'malo ochitira malonda monga pa Kamwendo, pa Kapiri ndi pa Mkanda nyimbo ya ku Lusaka imatsatana ndi ya ku Blantyre popanda womvera kuona chachilendo.

Kudutsa malire kwa nyimbo kumeneku kudayamba kale kwambiri dziko la Malawi lisanakhale ndi wailesi yakeyake. Wailesi ya MBC isanakhazikitsidwe mu 1964, anthu a ku Nyasaland ankamvera wailesi ya Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka, imene inkaulutsa mawu kwa anthu akuda a m'maiko atatu a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, makamaka kuyambira mu 1949 pamene kudabwera kawailesi kotchipa ka mabatire kotchedwa Saucepan Special, kamene anthu wamba akadatha kugula. Mmodzi mwa anthu amene mawu awo ankamveka kwambiri pa wailesiyo adali Alick Nkhata, wobadwira ku Kasama mu 1922, amene bambo ake adali Mtonga wa ku Nyasaland ndipo mayi ake adali Mbemba. Nkhata adayendako ndi Hugh Tracey pojambula nyimbo za m'midzi, ndipo pambuyo pake adatenga nyimbo za makolo n'kuziika pa gitala, akuyimba m'Chibemba, m'Chinyanja ndi m'ziyankhulo zina, kotero kuti munthu wa kumigodi ya ku Copperbelt ndi munthu wa kumudzi ku Fort Manning ankamva nyimbo imodzi, aliyense n'kuiyesa yakwawo.

Enanso adakulira kutali chifukwa makolo awo adapita kukafuna ntchito ku Halale ndi ku Joni. Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka adakhalako ku Salisbury, kumene tsopano ndi ku Harare, ali ana, ndipo kumeneko adamva kwela, mayimbidwe a m'makomboni a ku South Africa amene chida chake chachikulu ndi kachitoliro kachitsulo. Atabwerera kwawo sadangobwereza zimene adamva, koma adaziumba mwatsopano ndi mawu a Chichewa ndi kakhwatchidwe kawokawo ka gitala, ndipo Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria wofufuza za nyimbo, atakumana nawo ku Blantyre mu 1967, mayimbidwe awo adayamba kudziwika kunja, mpaka Donald adakaphunzitsa pa yunivesite ya UCLA ku America mu 1999. Ku Zimbabwe nako, Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, ana a mabanja ochokera ku Malawi amene adakulira m'mafamu, adakhala mizati ya sungura, mayimbidwe a magitala othamanga a m'dzikomo, ndipo onse awiri adasiya malo a Chichewa m'nyimbo zawo ngakhale omvera awo ambiri ali Ashona. Pa anthu onsewa palibe amene adakulira malo amodzi, komanso palibe amene adafika kwa eni ali chimanjamanja.

Apa ndi pamene pakufunika mwambi wina wa nyama yomweyo, wakuti mphamvu za ng'ona zili kumchira, umene umatanthauza kuti mtsogoleri amalimba chifukwa cha anthu amene ali pambuyo pake. Ng'ona imatha kusamuka dziwe chifukwa mchira umaikankha, ndipo ikadulidwa mchira ngakhale dziwe lakwawo silingathe kuisunga. Kwa woyimba mchira umenewu uli pawiri: pali anthu amene amamuyimbira zida, kumuvomereza ndi kumunyamulira katundu, omwe pamodzi amatchedwa bandi, komanso pali mayimbidwe a kwawo amene adalowa m'makutu mwake asanadziwe n'komwe kuti adzakhala woyimba. Mbiri ya nyimbo za ku Malawi ikuonetsa kuti amene adakhalitsa ndi amene adasamala mbali ziwiri zonsezi.

Chitsanzo choyamba ndi cha ku Balaka, kumene bandi ya Alleluya idayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika motsogozedwa ndi Paul Banda, ndipo idasanduka sukulu imene mudatuluka Lucius Banda, Charles Sinetre, Coss Chiwalo ndi ena ambiri. Lucius adakajambula chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, ku Johannesburg pa nthawi imene dziko linkachoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi m'zaka za 1993 ndi 1994, ndipo adabwerako ndi kamvekedwe katsopano kamene adayikamo madandaulo a anthu osauka m'Chichewa chomveka kwa aliyense. Mu 1997 adayambitsa bandi ya Zembani, imene nayonso idalera oyimba ena, ndipo mu 2010 adayambitsa chikondwerero cha Sand Music Festival cha m'mphepete mwa nyanja, kotero kuti pamene ankamwalira mu Juni 2024 adasiya zinthu zimene zingayende mwini wake palibe. Chitsanzo chachiwiri ndi cha Black Missionaries ya ku Chileka, imene idataya woyambitsa wake, Evison Matafale, mu Novembala 2001 atangotulutsa zimbale za Kuimba 1 ndi Kuimba 2, kenaka n'kutayanso Musamude Fumulani mu 2007, koma idapitiriza mndandanda wa zimbale za Kuimba motsogozedwa ndi Anjiru Fumulani. Bandiyi idapirira imfa zimenezi chifukwa luso silidali la munthu mmodzi, koma la abale ndi anansi amene adakulira pakati pa zida zoyimbira, pakuti bambo wa anyamata a kwa Fumulaniwa, Robert Fumulani, adali kale woyimba wotchuka.

Mbali yachiwiri ya mphamvuzi, imene ili mayimbidwe a kwawo, imaoneka bwino pa ulendo wa Madalitso Band, gulu la anthu awiri okha, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene kwa zaka zambiri ankayimba m'misewu ya Lilongwe. Chida chawo chachikulu ndi babatoni, chimene chimapangidwa ndi chibokosi chokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali wolowetsedwa m'chibokosimo, ndi waya mmodzi womangidwa kuchokera kunsonga ya mtengo kufika pachikopa. Woyimba amakhala pansi, dzanja limodzi likumenya wayayo ndi kamtengo pamene linalo likuyendetsa kabotolo pa waya kuti liwu likwere kapena litsike, ndipo mnzake amakhwatcha gitala wa nsambo zinayi uku akugunda ng'oma ndi chidendene. Chida chimenechi, chimene anthu a m'tauni ankachiona ngati cha amphawi, ndi chimene chidawafikitsa ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenaka ku Ulaya, kumene kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva idatulutsa chimbale chawo cha Wasalala mu 2019. Chimodzimodzinso Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, amene nyimbo yake ya Linny Hoo, atayiyimbanso pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, idafalikira pa TikTok n'kuonedwa maulendo opitirira 80 miliyoni. Anthu akunjawo adali ndi zida zamakono zokwanira kwawo, ndipo chimene adatsata mwa oyimbawa ndi chinthu chimene sakadachipeza kwina kulikonse.

Zinthu zasintha kwambiri m'zaka zaposachedwapa, ndipo kusinthaku kwachepetsa kufunika kwa bandi pamaso pa achinyamata ambiri. Kale woyimba ankafunika anzake asanu kapena asanu ndi mmodzi, situdiyo monga ya IY ya Paul Banda ku Balaka, ndi wamalonda monga O.G. Issa wa ku Limbe woti agule makaseti ndi kuwafalitsa m'dziko lonse. Lero mnyamata mmodzi wokhala ndi kompyuta m'kachipinda amapanga biti, kumene kuli kugunda ndi kulira kwa zida zonse kopangidwa ndi makina, woyimba n'kuikapo mawu tsiku lomwelo. Nyimbo ikatuluka imayenda pa WhatsApp, pa YouTube ndi m'tizipinda tobenera nyimbo timene tili pa malo aliwonse ochitira malonda, m'mene mnyamata amakhala kuseri kwa kompyuta, sipika yaikulu ili pakhomo ikuitana anthu, ndipo wakabaza kapena mlimi amene wagulitsa mtedza wake amapereka memori khadi ndi kandalama kochepa n'kutuluka ndi nyimbo mazanamazana za ku Malawi ndi za ku Zambia zosakanikirana. Njira imeneyi yatsegulira khomo ana a anthu osauka amene kale sakadajambula n'komwe, ndipo ubwino umenewo suyenera kuchepetsedwa. Koma kawirikawiri imapatsa woyimba kutchuka kopanda ndalama, ngakhale kuti bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza umwini wa ntchito za luso, lidapatsidwa mphamvu ndi lamulo la 2016 zotolera msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo ndi kugawira eni ake. Imachititsanso kuti woyimba atchuke asanayimepo pamaso pa anthu ndi zida zenizeni, kotero kuti tsiku limene waitanidwa ku phwando la zoyimbayimba amangofuula pamwamba pa mawu ake omwe ojambulidwa kale.

Chovuta china ndi cha kumene achinyamata akuyang'ana. Popeza amapiano a ku South Africa ndi afrobeats a ku Nigeria ndiwo akulamulira pa intaneti, ambiri akuganiza kuti kukula ndi kumveka ngati munthu wa ku Lagos kapena wa ku Johannesburg, mpaka ena amasintha katchulidwe ka mawu kuti womvera asadziwe kumene akuchokera. Kubwereka pakokha si mlandu, pakuti rege idachokera ku Jamaica, kwela ku South Africa ndipo rumba ku Congo, ndipo zonsezi zidalandiridwa n'kukhala za kuno. Kusiyana kuli pa cholinga cha wobwerekayo. Matafale adatenga rege kuti anenere zowawa za Amalawi m'chiyankhulo chawo. Wambali Mkandawire adatenga jazi n'kuikamo kugunda kwa ng'oma za kumpoto ndi mawu a Chitumbuka, ndipo chimbale chake cha Zani Muwone chidalemekezedwa ku South Africa komweko kumene akatswiri a jazi ali ambiri. A Sakala Brothers ndi Angela Nyirenda ku Lusaka adamanga mayimbidwe awo pa magule a Chigawo cha Kummawa kwa Zambia. Onsewa adabwereka chotengera koma zam'kati zidali zawo, pamene wongotsanzira amapikisana ndi eni mayimbidwe pa chinthu chimene eni akewo adzachichita bwino kuposa iye nthawi zonse, ndipo nyengo ya mayimbidwewo ikatha iyenso amatha nayo.

Chuma chimene woyimba wa m'chigawo chino angatenge sichili patali. Pa bwalo la gule wamkulu pamakhala ng'oma zingapo, ndipo yotsogolera ndi mbalule, ng'oma imene pakati pa chikopa chake amamatapo phula kuti liwu lizilemera, ndipo ikafooka amaiwamba pamoto wa udzu mpaka ikokenso. Ng'oma zinazo zimasunga kugunda kosasintha, koma woyimba mbalule amayang'anitsitsa miyendo ya gule, n'kumamuitana, kumuyankha ndi kumudulira sitepe, kotero kuti wovina ndi woyimba amakambirana popanda mawu, amayi akuvomereza nyimbo ndi kuwomba m'manja. Mmenemu muli maphunziro a kakonzedwe ka nyimbo amene kompyuta singaphunzitse, ndipo bungwe la UNESCO lidazindikira gule wamkulu mu 2005 monga chuma cha maiko atatu a Malawi, Zambia ndi Mozambique. Tay Grin, amene amadzitcha mfumu ya Nyau, adaonetsa kuti kugunda kumeneku kungathe kukhala pamodzi ndi hip hop. Komabe wotenga za pabwalo ayenera kudziwa kuti gule ali ndi eni ake ndi malamulo ake, kuti za kudambwe, kumene kuli malo obisika a olowa mwambo, si zoonetsa pa kanema, ndiponso kuti akuluakulu a mwambo akhala akudandaula pamene gule akutengedwa ngati chokongoletsera chabe. Woyimba amene wapita kwa mafumu ndi kwa oyimba ng'oma, n'kupempha, kuphunzira ndi kuwalipira, amatuluka ndi luso komanso ulemu, pamene wongotola chigoba n'kuthamanga nacho amanyozetsa mwambo umene akuti akuukweza.

Zikatere, yankho la funso la kolowera likuonekera pa chipata cha Mchinji pomwepo. Anthu omva Chichewa ndi Chinyanja adzaza Malawi, Chigawo cha Kummawa kwa Zambia, mzinda wa Lusaka, zigawo za Tete ndi Niassa ku Mozambique, komanso makomboni a ku Zimbabwe ndi South Africa kumene kuli Amalawi, ndipo amenewa ndi omvera amene safuna womasulira. Oyimba a ku Zambia adazindikira zimenezi kalekale, moti nyimbo za Danny Kaya, JK ndi K'Millian zidadzaza mawailesi a ku Malawi m'zaka za m'ma 2000, ndipo Yo Maps lero amadzaza malo akabwera kudzayimba. Nawonso Lucius Banda, Skeffa Chimoto ndi Namadingo adapeza ku Zambia anthu oyimba nawo nyimbo zawo mawu ndi mawu. Maboma a Malawi ndi Zambia adalumikiza njanji ya Mchinji ndi Chipata mu 2010, ndipo mu Disembala 2022 adatsegula chipata chimodzi chogwirira ntchito pamodzi kuti katundu asamachedwe pa malire, koma luso la zoyimba silinapatsidwe chidwi chofanana ndi chimene chimapatsidwa kwa simenti ndi feteleza.

Pali ntchito zingapo zimene zili m'manja mwa anthu odziwika. Mabungwe a COSOMA ku Malawi ndi ZAMCOPS ku Zambia ayenera kulimbikitsa mgwirizano wawo kuti nyimbo yoseweredwa tsidya lina izibweretsa ndalama kwa mwini wake. Mawailesi a m'madera, amene ali pafupi ndi midzi kuposa wina aliyense, ayenera kujambula ndi kusunga nyimbo za chimtali, chitelele, mganda ndi ingoma okalamba amene akuzidziwa asanathe, ndi kupatsa mpata achinyamata a m'boma momwemo amene akuyesa kumanga zatsopano pa zakalezo. Okonza maphwando a zoyimbayimba ayenera kuona Mchinji, Chipata, Katete ndi Petauke ngati ulendo umodzi, m'malo moona Mchinji ngati malo ongodutsa popita ku Lusaka. Koma udindo waukulu uli pa woyimba mwini, amene ayenera kuyenda, kumvera za eni ndi kubwereka mopanda mantha, uku akulemberana mapangano omveka ndi anthu omuyimbira zida ndi kuwalipira pa nthawi yake, pakuti mabandi ambiri amapasuka chifukwa cha kagawidwe ka ndalama osati chifukwa cha kuchepa kwa luso. Woyimba wofuna kuti dzina lake lipitirire nyengo imodzi ayambe wamveka kwa anansi amene akumva chiyankhulo chake, ndi nyimbo zimene iwo angazindikire kuti ndi za kwawo, chifukwa onse a m'dziko lino amene adafika kutali adafikako ndi mayimbidwe amene anthu akwawo adayamba kuwavomereza.